Crown ya zirconia ikumangogwa

Achimwene, mwafunsa chifukwa chake crown (chovindikira dzino) ya zirconia, ceramic yolimba ija, ikumangogwa chonsecho mwamata ndi resin cement (simenti yomatira crown pa dzino). Ndikuganiza kuti mukuithira hydrofluoric acid ngati mmene mumachitira ndi e.max (ceramic yokhala ndi galasi), komatu zirconia ilibe galasi ndiye asidiyo sagwira kanthu, e.max ndi imene imafuna asidi masekondi 20 kenako silane (mankhwala othandiza simenti kugwira pa galasi). Zirconia muipopere mchenga wa alumina mkatimo mosamala, kenako mumate ndi simenti yokhala ndi MDP (mankhwala amene amagwira pa zirconia) ngati Panavia ya kampani ya Kuraray. China chomwe ambiri amachipeputsa ndi malovu, mukayesa crown mkamwa mutsuke mkatimo musanamate chifukwa malovu amatseka pomwe MDP imagwira, zimandimvetsa chisoni wodwala akamabwerera katatu chifukwa cha zimenezi. Ngati temporary cement (simenti yomatira crown yongoyembekezera) inali ya eugenol (mafuta ochokera ku clove), dzinolo lipukuteni kwambiri, eugenol imalepheretsa resin kuuma bwino.