Singano ya m'zinyalala yandibaya, ndatsukapo ndi Jik

A Dokotala, ndimagwira ntchito yosesa ndi kukolopa pakiliniki ina kuno ku Chipata. Dzulo madzulo ndikunyamula pulasitiki yakuda ya zinyalala, singano yomwe inali mkatimo inaboola golovesi n'kundibaya pachala. Ndinafinya magazi n'kuthirapo Jik monga anandiuzira mnzanga, ndipo ndikumwa makapisozi ogula pashopu. Kodi ndatetezeka? A sisita sindinawauze poopa kuti anena kuti ndine wosasamala. Komanso amuna anga akaona botolo la ma ARV m'nyumba andiganizira zina.
Mayi wa ku Chipata

Mayi, nyamukani pompano mukawauze a sisita. Mankhwala oteteza ku HIV munthu akabayidwa chonchi, omwe ndi ma ARV ndipo timawatcha PEP, amayenera kuyambidwa pasanathe maola 72, ndipo amagwira bwino kwambiri akayambidwa m'maola oyambirira. Inu mwataya kale usiku wathunthu mukulemba kalata, chonsecho mwina mankhwalawo ali m'nyumba yomwe mumakolopayo. Adzayamba akuyezani magazi, kenako akupatsani piritsi limodzi patsiku kwa masiku 28, osadumphitsa. Ngati pakiliniki panu palibe, akutumizani ku Chipata Central Hospital. Ngakhale maola 72 atadutsa, pitanibe, chifukwa pali zina zofunika kuchita.

Za Jik izi zandifika pakhosi, ndazimva kwa okolopa, alonda ngakhale ophunzira unamwino. Jik amaphadi tizilombo, koma pasimenti ndi pachidebe. Singano ikalowa m'mnofu, zomwe inanyamula zafika kale mkati momwe Jik sangafike. Chomwe amachita n'kuwotcha khungu, bala n'kukula. Kufinya nakonso sikutulutsa kachilombo, kumangovulaza mnofu. Chofunika ndi madzi oyenda ndi sopo basi, bala lichuche lokha, kenako n'kuthamangira kwa namwino. Makapisoziwo siyani. Amalimbana ndi mabakiteriya, ku HIV sachita kanthu, mwangowononga ndalama ya ndiwo.

Ndikuona kuti chikukusowetsani tulo ndi HIV, ndiye mtima ukhale pansi pang'ono. Mwa anthu 1,000 obayidwa ndi singano yomwe yachokeradi mwa munthu wa kachilomboka, amene amatenga ndi pafupifupi 3, ndipo PEP imachepetsanso chiwerengerochi. Ine chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi matenda a chiwindi a hepatitis B, omwe simunawatchule n'komwe. Kachilombo kake kamatha kukhala ndi moyo sabata yathunthu m'magazi ouma, ndipo kamapatsirana mosavuta, mpaka anthu 30 mwa 100 ngati mwini singanoyo anali nako kochuluka. Katemera wake alipo, majekeseni atatu. Ngati simunabayitsepo, funsani lero lomwe, mufunsenso za wa kafumbata.

Wosasamala pankhaniyi si inu. Pulasitiki yakuda ndi ya mapepala, zotsala za chakudya ndi zinyalala wamba, zomwe bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati ndi pafupifupi 85 pa 100 ya zinyalala zonse za m'chipatala. Thonje ndi mabandeji a magazi zimalowa m'pulasitiki yachikasu. Singano ilibe pulasitiki yake. Malo ake ndi m'kabokosi kolimba kotayamo singano, ndipo woiponyamo ndi yemwe wabaya jekeseniyo, nthawi yomweyo, osabwezeranso chivindikiro chake. Kabokosiko kakafika magawo atatu mwa anayi kamatsekedwa n'kupita kong'anjo yowotchera. Ndaonapo mabokosi odzaza mpaka singano zikusuzumira pakamwa, wina n'kumazikanikiza ndi chala kuti zina zilowe! Mukabisa ngoziyi, amene anaponya singanoyo sadzadziwa kuti analakwa, ndipo sabata yamawa ibaya mnzanu uja wa Jik. Onetsetsani kuti yalembedwa m'buku la ngozi, tsiku ndi nthawi yake. Nanunso pulasitiki muziigwira pamfundo, kutali ndi miyendo, osaikumbatira kapena kuitsendera ndi manja, ndipo pemphani magolovesi okhuthala. Opyapyala aja ndi a namwino poyeza odwala.

Za abambo kunyumba, botolo lobisa pansi pa matiresi n'lomwe limabala nkhani. Atengeni mupite nawo, amve kuchokera pakamwa pa a sisita kuti ma ARV awa ndi a mwezi umodzi wokha, oteteza munthu amene wavulala pantchito. Akuuzaninso kuti muzigwiritsa ntchito makondomu kufikira mutayezedwa komaliza pakapita miyezi itatu kapena monga angakulembereni pakadi. Masiku oyamba mankhwalawa amatha kubweretsa nseru, mutu kapena kusowa tulo. Zikatero musawasiye nokha, bwererani kukiliniki akakuoneni.