Zoti Ciri wasanduka witcher mu gemu yachinayi: yankho kwa achimwene omwe akhumudwa

Achimwene, funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mabuku onse a Witcher, olembedwa ndi Andrzej Sapkowski wa ku Poland, munawamaliza, Witcher 3 munaisewera mpaka kumapeto, koma mutaonera kanema wotsatsa Witcher 4 uja mtima unakupwetekani poona Ciri, mwana wolera wa Geralt, akumwa mankhwala a m'timabotolo, maso atasanduka ngati a mphaka, kusonyeza kuti naye wasanduka witcher, mlenje wa zilombo wosinthidwa thupi ndi mankhwala ngati Geraltyo. Mukufunsa ngati a CD Projekt Red, kampani ya ku Warsaw yopanga magemuwa, aiwononga nkhaniyi, komanso ngati n'kwanzeru kudzalipiratu gemuyi isanatuluke. Ndiyankha motalika, mundipirire, poti inenso nkhaniyi ili pamtima panga. Amene simunamalize mabuku kapena gemu yachitatu, dziwani kuti ndiulula mathero, ndiye lekerani pomwepa.

Dandaulo lanu lili ndi mutu, limenelo sinditsutsa. M'mabuku Ciri anakhaladi ku Kaer Morhen, linga la ma witcher, anaphunzira lupanga, anathamanga m'kanjira koopsa kaja ka m'mapiri mpaka thupi lonse mikwingwirima, koma mankhwala osintha thupi aja sanamwetsedwe. Mukumbukira momwe Triss, mayi wamatsenga, anawakalipira ma witcher aja atapeza kuti akumudyetsa mwana bowa ndi zitsamba zachilendo, chonsecho sakudziwa n'komwe kuti mtsikanayo watha msinkhu. Mwambo wa mankhwalawo unkapha ana ambiri, mwa anyamata khumi opulumuka ankakhala atatu kapena anayi basi, ndipo akatswiri omwe ankadziwa kasakanizidwe kake anaphedwa pomwe linga lija linaukiridwa kalekale. Kuonjezera apo, Ciri anakana yekha mphamvu zamatsenga m'chipululu cha Korath, moto utatsala pang'ono kumulanda nzeru. Ndiye munthu wowerenga akaona Ciri wamkulu, wa maso amphaka, akuponyanso matsenga, ali ndi ufulu wofunsa kuti zimenezi zatheka bwanji.

Koma taganizani za pomwe magemu amenewa anayambira. Buku lomaliza la nkhani yaikuluyi linatuluka mu 1999, ndipo Geralt amathera pansi mu mzinda wa Rivia, atabayidwa ndi chifoloko chotolera udzu pomwe amayesa kuletsa chigulu cha anthu chomwe chimapha anzawo a mitundu ina. Yennefer, mayi wamatsenga wokondedwa wake, akomoka pambali pake poyesa kumuchiritsa, Ciri awakweza m'bwato, nkhungu n'kuwameza. Mlembi anasiyira pomwepo. Mu 2007 anyamata a ku Warsaw, mu gemu yawo yoyamba, anangomudzutsa Geralt, n'kumugoneka m'tchire pafupi ndi Kaer Morhen atayiwala zonse, ngakhale dzina la mkazi yemwe anamukonda moyo wake wonse. Yennefer mu gemu yoyamba mulibemo, mu yachiwiri amangokumbukiridwa, ndipo malo ake anatenga Triss. Ngati pali tsiku lomwe magemuwa anapatuka pa njira ya mabuku, ndi tsiku loyambalo. Witcher 3 yomwe tonse timaitamanda ija inamangidwa pa maziko opatukawo.

Mwini nkhani naye sanabise maganizo ake. Sapkowski wakhala akunena kuti magemu si kupitiriza kwa mabuku ake, ndipo kuti wopitiriza nkhani ya Geralt ndi iye yekha. Poyamba sankakhulupirira n'komwe kuti gemu ingapindule, n'chifukwa chake anasankha kulandira ndalama kamodzi m'malo mogawana phindu. Gemu itagulidwa ndi anthu mamiliyoni, mu 2018 anaitanitsa ma złoty (ndalama ya ku Poland) 60 miliyoni, ndipo mbali ziwirizi zinadzagwirizana mu Disembala 2019. Iye akupitiriza kulemba zake, mu 2024 anatulutsa buku la Geralt ali mnyamata. Choncho mitsinje ndi iwiri, yochokera pa kasupe mmodzi yemwe anatumphuka mu 1986 pomwe kankhani koyamba kanasindikizidwa m'magazini ya Fantastyka ku Poland. Wofuna kuti mtsinje wachiwiri uziyenda m'khwawa la woyamba adzakhumudwa chaka ndi chaka.

Palinso china chomwe ife owerenga timachedwa kuchivomera. Buku limakupatsa Geralt mmodzi, amene zosankha zake zinalembedwa kale, iwe n'kumangotsatira. Gemu ya mtundu uwu imakupatsa iweyo chingwe, ndipo ikapanda kutero ndiye kuti si gemu, ndi filimu yoti uzingodina batani. Funso lomwe ine ndimafunsa ndi lakuti, kodi chingwe chomwe andipatsacho chikundikokera ku zinthu zomwe zinandigwira mtima m'mabuku?

Ndikuuzeni zomwe zinandichitikira. Witcher 3 ndinaisewera pa PlayStation 4 yogula kwa munthu, nthawi zambiri usiku, ana atagona, ndikupikisana ndi magetsi. Nditafika pomwe Vesemir, witcher wachikulire amene anamuphunzitsa Ciri, wafa, Ciri ali wosweka mtima, gemu inandipatsa mwayi womusangalatsa kapena womulangiza. Ine ndinasankha kumukhazika pansi n'kumwa naye, ndikumuuza kuti sangakhoze zonse. Kutsogolo, atakwiya m'chipinda cha Avallac'h, mphunzitsi wake wa zamatsenga, n'kufuna kuphwanya zinthu, ndinamuuza kuti adekhe. Pokakumana ndi azimayi amatsenga aja ndinalowa naye, poopa kuti amupondereza. Paliponse ndimaona ngati ndikuchita zomwe bambo wabwino angachite. Kumapeto Ciri sanabwerere. Ndinatsala ndi Geralt ali yekha m'kanyumba ka m'dambo, atagwira mkanda wa Ciri m'manja, mutu uli pansi, zilombo zikuyandikira panja. Ndinakhala duu kwa nthawi, kontrola ili pamwendo. Patapita masiku ndi pomwe ndinamvetsa kuti gemu imandiyesa ngati ndikumukhulupirira mwanayo: ndikanaponyerana naye chipale chofewa kuti aseke, ndikanamulola aphwanye zinthu zija, ndikanamusiya akadziyankhulire yekha. Aliyense amene analerapo mwana wa m'bale wake, mwana yemwe si wa magazi ako koma wakulira m'manja mwako, akudziwa kuvuta kwa kumasula dzanja. Zimenezo mulibe m'buku lililonse monga zinachitikira mu gemumo, koma ndi mtima weniweni wa mabuku aja. Ndi zimene ndimatcha kukhulupirika ku nkhani.

Ndipo musaiwale kuti mwa mathero atatu a Ciri mu gemu ija, amodzi ndi oti asanduka mlenje wa zilombo, Geralt n'kumupatsa lupanga lasiliva. M'mabuku momwemo mtsikanayu amadzitcha witcher kambirimbiri, ndipo kuyambira buku la 1994 kupita mtsogolo nkhani ndi yake kwambiri kuposa ya Geralt. Muli mitu yathunthu yomwe Geralt akungoyendayenda kumufunafuna, pomwe zazikulu zikuchitikira Ciri. Kumuika patsogolo mu gemu yatsopano ine ndikuona kuti n'kubwerera ku mabuku.

Chomwe ndikufuna kwa olemba gemuyi ndi choti kusinthaku kudzakhale ndi mtengo wake. Asadzangotiuza m'chiganizo chimodzi kuti magazi apadera amatsenga omwe anabadwa nawo ndiwo anamupulumutsa, basi nkhani yatha. Ndikufuna ndidzaone chomwe chinamukankha kuti adzipereke ku mwambo wopha ana, amene anamuthandiza ndi ndani popeza odziwa anafa, Geralt ndi Yennefer anamva bwanji, ndipo iye anataya chiyani. M'dziko la Sapkowski mulibe mphamvu yaulere. Geralt tsitsi linayera, sangabereke, ndipo akalowa m'mudzi anthu amalavula. Ngati Ciri adzapeza maso amphaka popanda kulipira kanthu, pamenepo ndidzaima nanu limodzi n'kunena kuti aiwononga.

Ndikufunanso Ciri wa m'mabuku, wamkwiyo uja. Gemu yachitatu inamufewetsa ndithu. Mtsikana ameneyu anakhalapo m'gulu la achifwamba, anapha anthu mpaka kuyamba kukoma nako, anagwidwa ndi Bonhart, munthu wosaka anthu kuti alipidwe, n'kumamenyanitsidwa pabwalo ngati galu, ndipo chipsera cha patsaya chija sanabadwe nacho. Munthu wodutsa m'zimenezo sayankhula mofatsa ngati Geralt. Geralt amayesa kusalowerera, kenako n'kulowerera mochedwa. Ciri amalowerera msanga, nthawi zina asanaganize. Ngati zosankha za mu gemuyi zidzasiyane ndi za Geralt chifukwa cha khalidwe limeneli, tidzakhala ndi chinthu chatsopano chenicheni.

Kanema yemwe wakukhumudwitsaniyo ine anandipatsa chiyembekezo, ndipo ndikupempheni mukamuonerenso osayang'ana maso a Ciri. Anthu a m'mudzi akupereka mtsikana nsembe kwa chilombo cha m'nkhalango, bambo ake akulira koma akumupereka ndithu. Ciri auza mtsikanayo kuti athawire kwawo, kenako alowa m'phanga, alimbana ndi chilombocho mpaka kuchipha. Pobwerera kumudzi apeza anthu omwewo amupha mtsikana uja ndi manja awo, poopa mkwiyo wa milungu yawo. Amene analemba zimenezo anawerenga nkhani ya ku Blaviken n'kuimvetsa, ija Geralt anapha Renfri ndi gulu lake poteteza anthu a pamsika, anthuwo n'kumuthamangitsa ndi miyala. Ndi mzimu womwewonso uli mu nkhani ya Bloody Baron ku Velen, bambo womenya mkazi wake amene umafuna kumuda koma umapezeka ukumuperekeza iye atanyamula mwana wake wakufa kukamuika pakhomo. Anthu omwe amati Witcher 3 ndi gemu yabwino kwambiri sanena za kamenyedwe ka lupanga, amanena za nkhani zoterezi, zina mwa izo zobisika m'timidzi toti ukhoza kungodutsa osaima.

Mantha anga enieni ali kwina, ndipo akuyankha funso lanu lachiwiri. Musalipiretu. Kampani yomweyi inatulutsa Cyberpunk 2077 mu Disembala 2020 ili yosapsa, moti pa PlayStation 4 inkachita kudukaduka, Sony mpaka anaichotsa m'sitolo yawo ya pa intaneti n'kubweza ndalama kwa ogula, ndipo inabwereramo mu Juni 2021. Anaikonza pambuyo pake, n'zoona, ndipo lero ndi gemu yabwino, koma amene analipiratu anadikira nthawi yaitali kuti adye zomwe analipira. Ngakhale Witcher 3 yomwe, potuluka mu Meyi 2015 zithunzi zake sizinafike pa zomwe anaonetsa m'makanema oyambirira. Pano asiya injini yawo yakale, pulogalamu yomangira magemu, n'kusamukira ku Unreal Engine 5, ndipo ena mwa omwe anatsogolera gemu yachitatu anachoka, monga Konrad Tomaszkiewicz amene anakayambitsa kampani yake ya Rebel Wolves. Zomwe anaonetsa mu Juni 2025, Ciri akuyenda pa hatchi m'dziko la Kovir n'kulowa mumsika wodzaza anthu, eni ake ananena poyera kuti n'chionetsero cha luso la makina, si gemu yeniyeniyo. Ananenanso kuti isayembekezeredwe chaka cha 2027 chisanafike. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, achimwene, wa pachala ngwa mphepo.

Kwa ife kuno nkhaniyi ndi yolemera kuposa kwa mnyamata wa ku Warsaw kapena ku London. Kuti ugule gemu pa intaneti uyenera kupeza ndalama yakunja, kapena kupempha m'bale wa ku Johannesburg akugulire khadi. Ukagula, uyenera kudawuniloda ma GB ochuluka, ndipo gemu ikatuluka ndi zolakwika, chigamba chilichonse chokonza zolakwikazo chomwe atulutse chimadya bandulo inanso. Ine ndinadikirapo usiku wathunthu kuti chigamba chitsike, magetsi n'kuzima chitatsala pang'ono kutha. Gemu ya pa intaneti siitha m'sitolo ngati shuga, idzakhalapo ndithu pakatha mwezi. Dikirani anthu aisewere, muone makanema a anthu wamba osati a kampani, makamaka pa makina ofanana ndi anu. Chionetsero chija chinali pa PlayStation 5, ndiye ngati mudakali pa PlayStation 4 ngati ine, ndalama yomwe mukanalipiratuyo ndi bwino iyambe kusungidwira makinawo.

Pali funso limodzi lomwe ine likundisowetsa mtendere kuposa la maso amphaka. Nanga aja Ciri wawo anakhala mfumukazi ya Nilfgaard, kapena ife amene tinamutaya ulendo woyamba, gemu yatsopanoyi idzatilemekeza bwanji? Witcher 3 inkakulola kubweretsa zosankha zako za mu gemu yachiwiri, ngakhale zambiri sizinasinthe zinthu kwenikweni. Ndikufuna kuti ulendo uno Ciri adzakumbukire ngati ndinapita naye kumanda a Skjall, mnyamata amene anamuthandiza, kapena ndinamukaniza, ngati ndinalandira ndalama za Emhyr, mfumu ya Nilfgaard komanso bambo ake omubereka, pamaso pake kapena ndinazikana. Ulendo wachiwiri ndinapita naye kumandako, ndinaima pambali iye akukwirira mnyamata yemwe anafa atanyozedwa ndi mudzi wonse chifukwa chomuthandiza. Inu Ciri wanu anathera pati, achimwene? Mundiuze, chifukwa ndikukayikira kuti munamuveka chisoti chaufumu, ndipo mwina kukhumudwa kwanu kwayambira pamenepo.