Sukulu yatseka msika wa yunifomu, matelala apangana mtengo

Funso: Amalume, ine ndine telala ku Mabvuku, kuno ku Harare. Makina a Singer amene ndimasokera anandisiyira bambo anga, amene anabwera kuno kuchokera ku Dedza. Disembala ndi Januwale ndiye nyengo yathu yokolola, makolo akamasoketsa yunifomu. Chaka chino sukulu ina ya sekondale yalembera makolo kuti azigula pa sitolo imodzi yokha m'tauni, ndipo mwana wovala yosokedwa kwina akumubweza pageti. Siketi imene ine ndimasoka $8, kumeneko ndi $15. Titaona zimenezi, matelala asanu tinakhala pansi n'kupangana kuti wina asasokenso siketi pansi pa $10 kuti tibweze zimene taluza. Kodi za sukuluyi tikadandaule kuti? Ndine telala wa ku Mabvuku.

Yankho: Bambo, dandaulo lanu ndi lomveka, ndipo kokalitula kulipo. Dziko la Zimbabwe lili ndi lamulo loteteza mpikisano pa malonda la Competition Act la 1996, ndipo amene amaliyendetsa ndi a Competition and Tariff Commission, omwe maofesi awo ali mu Harare momwemo. Bungweli linapangidwa mu 2001 ataphatikiza mabungwe awiri akale. Lili ndi mphamvu yofufuza mgwirizano uliwonse wotsekera ena msika, ndi kulamula kuti uthe. Nawo unduna wa maphunziro a pulayimale ndi sekondale wakhala ukunena mobwerezabwereza kuti kholo ligule yunifomu kumene lafuna. Sukulu ili ndi ufulu wonena mtundu wa nsalu, kasokedwe ndi baji yake. Koma kusankhira kholo sitolo ndi nkhani ina.

Musapite chimanjamanja. Pemphani kholo limodzi likubwerekeni kalata ya sukuluyo, muijambule, pamodzi ndi lisiti la $15 lija. Ngati alipo amene mwana wake anabwezedwa, alembe tsiku lake. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndiye makolowo akadandaulenso okha ku ofesi ya maphunziro ya m'dera lanu. Mawu awo amalemera kuposa anu, chifukwa inu anganene kuti mukungolirira kasitomala.

Tsopano tikambe za msonkhano wanu wa anthu asanu uja, poti pamenepo ndi pamene ndinaika kalata yanu pansi n'kugwira mutu. Lamulo lomwelo limene mukufuna likuthandizeni limaletsa anthu a malonda ofanana kupangana mitengo. Lili pa mndandanda umodzi ndi kupangana polimbirana makontirakiti a boma ndi kutsatsa malonda mwabodza, ndipo munthu wopezeka wolakwa angathe kulipira chindapusa kapena kukakhala kundende. Lamulolo silinena kuti amagolosale akuluakulu okha. Ndikudziwa, n'zokayikitsa kuti angathamangitsane ndi matelala asanu kusiya makampani a simenti ndi mafuta ophikira, koma mudzaima bwanji pamaso pawo mukudandaula kuti makolo akubedwa, pamene $2 ija mwaikweza pa makolo omwewo? Mayi wa ku Tafara amene anathawa $15 m'tauni wafika kwa inu, wazungulira makina asanu, konse amva $10. Kwa iyeyo sitolo ikadali imodzi.

Pangano limenelo lithetseni sabata ino, aliyense abwerere pa mtengo wake. Kugwirizana sikoletsedwa konse ayi. Sonkhani ndalama mugule nsalu ya mpukutu pamodzi kuti ikutsikireni, bwerekanani makina a ovaloko, ngakhale kalata yodandaula ija musaine nonse asanu. Koma mtengo aliyense aziwerengera yekha, poona nsalu, ulusi, zipi, lendi ndi thukuta lake.

Achibale akumudzi akakufunsani, auzeni kuti ku Malawi nakonso lamulo lotere lilipo kuyambira 1998, ndipo amaliyang'anira a Competition and Fair Trading Commission. Mudzandilemberenso mundiuze zimene akuyankhani.