Mabuku alipo a sister, koma ndiyambe ndi zomwe zinandichotsa ku wodi ya ana

A sister, zabwino zonse pa u-in-charge wanuwo. Kungoti mukufunafuna zowerenga za kutsogolera anamwino mwachifundo, mwawaposa kale ena amene ine ndinagwira nawo ntchito. Ndikutchulirani, koma pepani, mtima wayamba kale kuthamanga.

Ine ku wodi ya ana ndinachokako chifukwa cha munthu mmodzi. Linali dzinja, malungo ndi chibayo zili pachimake, ana awiriawiri pabedi, ena pamatiresi pansi. Night tinalipo ine ndi mnzanga wa locum basi. Magetsi anathima pakati pa usiku, jenereta inachedwa kulira, ma concentrator, makina opereka oxygen aja, onse zii. Panali kamwana kena kachibayo kamene kamapuma ndi oxygen. Ndinathamangira silinda, mulibe kanthu, chonsecho ndinali nditalemba kale m'buku la report kuti yatha. Ndinayamba kukapopa ndi ambu bag, kathumba kopopera mpweya ndi manja, agogo ake atagwira foni yanga kundiwunikira, dzanja lawo likunjenjemera moti kuwala kumangovina pakhoma. Mayi ake atagwada pafupi ndi bedi akungoti "adokotala, akupuma?" Mnzanga uja ali kumapeto kwa wodi ndi mwana wina wokomoka. Zala zinachita dzanzi koma sindinasiye. Mwana anatisiya kusanache. Ndinamutseka maso, ndinamukulunga m'chitenje cha mayi ake, kenako ndinapita kukapereka mankhwala a 6 koloko ngati palibe chachitika, chifukwa ana enawo amadikira.

Pa handover a in-charge anafika akununkhira perefyumu. Moni sanapereke. Anatsegula faili ya malemuyo n'kufunsa kuti ma vital signs a 4 koloko, zoyeza za kutentha thupi, kapumidwe ndi kugunda kwa mtima, ali kuti. Pamaso pa ma student, ma guardian akusuzumira pakhomo. "Anamwino a masiku ano mumabwera kudzagona. Kodi sukulu yake munaphunzira kuti?" Ine chilili, yunifolomu ili ndi masanzi a mwana wa eni. Za silinda sanatchuleko, pomwe tsamba limene ndinalembapo lija anasainira okha. Anandilembetsa report, roster yotsatira ndinadzipeza ndili night pa Khirisimasi. Mayi ameneyo ma certificate a leadership anali mbwee mu ofesi mwake, workshop iliyonse ya ku Mangochi kapena ku Salima dzina lake limakhala loyamba, allowance m'thumba, akabwerako nkhanza zomwe zija. Akabwera alendo ochokera ku unduna kumwetulira mpaka m'makutu, "my girls, my girls". Mpaka lero ndikamva perefyumu ameneyo muminibasi m'mimba mumandipotokola.

Chimene sanadziwe n'choti kuyambira tsiku limenelo tonse tinatseka pakamwa. Wina akaphonya dose, zii. Drip ikafufumitsa mkono wa mwana, timakonza mwakachetechete. Iwo amanyadira kuti wodi yawo ilibe ma incident.

N'chifukwa chake ndikuti yambani ndi Amy Edmondson wa ku Harvard. M'kafukufuku wake amene anatuluka mu 1996 anaona zodabwitsa: magulu a anamwino amene anali ndi atsogoleri abwino ndi amene amaoneka ndi zolakwika zambiri za mankhwala. Osati kuti amalakwitsa kuposa anzawo, koma amaulula chifukwa samaopa. Kumene kunali bwana woopsa mabuku anali oyera. Buku lake ndi The Fearless Organization la 2018, koma ngati ndalama yavuta, lembani dzina lake pa YouTube, amafotokoza mwachidule za psychological safety, kutanthauza kumasuka kulankhula pa ntchito osaopa, bandulo yaing'ono ikwana.

Chaulere china, ndipo chonena za ifeyo anamwino ndi azamba, ndi lipoti la The Courage of Compassion limene bungwe la King's Fund la ku London linatulutsa mu 2020. Mmodzi mwa olemba ndi Michael West, yemwenso ali ndi buku lotchedwa Compassionate Leadership la 2021. Iye amati namwino amafuna zitatu kuti asatope mtima: akhale ndi mawu pa ntchito yake, adzimve kuti ndi wa m'gululo, ndipo aone kuti zimene akuchita zikuphula kanthu. Amatinso chifundo cha mtsogoleri si kumwetulira ayi, koma kumvetsera ndi mtima wonse, kumvetsa chimene chavuta, kumva ululu wa mnzako, kenako kuchitapo kanthu. Chomalizachi ndiye ambiri amachithawa. "Pepani asisi" wopanda oxygen ndi waulere. Dziwani kuti zimenezi anazilembera a NHS, zipatala za boma za ku Britain, kumene namwino sasamala wodi yonse yekha ngati kuno, ndiye masamba ena mudzangoseka n'kudumpha. A m'gulu muno amene muli ku UK, inu muli ndi mwayi wa Edward Jenner programme ya NHS Leadership Academy, yapaintaneti, musaigonere.

Ndipo wina akadzakuuzani kuti kukalipa kumawongola ntchito, muuzeni za kafukufuku wa ku Israel wa 2015 amene anatuluka m'magazini ya Pediatrics. Madokotala ndi anamwino a ku wodi ya makanda anawayesa pa chidole cha khanda lodwala, ena n'kuwalankhula mawu onyoza asanayambe. Onyozedwawo anachita moperewera pozindikira matenda ndi popereka chithandizo. Mwano umatsikira pa wodwala.

Za kudzidziwa nokha, ambiri akutchulirani Emotional Intelligence ya Daniel Goleman ya 1995. Werengani, si yoipa. Koma ine ndikuti funsani amayi okolopa m'wodi kuti anthu amati chiyani mukatuluka. Iwo amamva zonse. Pezaninso matron wopuma ntchito amene anthu amamukumbukira bwino, muzikamwa naye tiyi. Pa CPD, maphunziro oonjezera luso a pawodi, tengani tsamba limodzi la lipoti lija mukambirane, inu mulankhule pomaliza.

Komatu kunena zoona, buku silisintha munthu. Wouma mtima akawerenga amangophunzira mawu okoma ozunzira anzake. Ndiponso musafewe kwambiri a sister, anamwinofe tikaona in-charge wachifundo timamukwera pamutu, maliro a azakhali omwewo amachitika kangapo pachaka. Wochedwa mulembereni. Wosalemba ma vital signs mumuitane, chifukwa nkhani ikafika ku Nurses Council, bungwe loyang'anira ntchito ya unamwino, chimene sichinalembedwe sichinachitike. Koma mu ofesi, chitseko chotseka, munthu atapita kaye kukagona ngati wachoka night. Musapangenso chinzake ndi aliyense pawodipo, roster idzakudanitsani. Ya Khirisimasi ndi Nyuwere muziika poyera msanga, dzina lanunso likhalepo.

Kwa achinyamata amene muli pansi pa bwana ngati wanga uja, chilichonse mwalemba m'buku la report jambulani pafoni, bola pasaoneke dzina la wodwala, ndipo nambala ya woimira NONM, bungwe lomenyera ufulu wa anamwino ndi azamba, pachipatala panu ikhale nanu. Musadikire kuti mayiyo adzawerenge Michael West.

PDF ya King's Fund ija ndili nayo, ofuna andipeze ku inbox, ndikutumizirani ndikaweruka.