Za "graphics ya 8GB" imene wogulitsa wakuuzani ku Limbe

Achimwene, mwafunsa ngati laputopu ya Core i7 imene wogulitsa wina ku Limbe akuti ili ndi "graphics ya 8GB" ingathe kusewera magemu a EA Sports FC 24 ndi GTA V, komanso kukuthandizani pa AutoCAD, pulogalamu yojambulira mapulani, ku MUBAS. Musanapereke ndalama, pemphani kuti ayiyatse, mutsegule Task Manager, mupite pa Performance, kenako mudine pa GPU, kutanthauza chipu cha graphics. Pamenepo muyang'ane mizere iwiri, wina wolembedwa Dedicated GPU memory, umene umaonetsa memory ya khadi lenilenilo, wina Shared GPU memory, umene umaonetsa yobwereka ku RAM. Laputopu ya RAM ya 16GB imaonetsa pafupifupi 8GB pa mzere wachiwiriwo ngakhale ilibe khadi la graphics lapadera, chifukwa Windows imalola graphics kubwereka mpaka theka la RAM. Ogulitsa ambiri amawerenga nambala imeneyi, ena mosadziwa, ena akudziwa bwino lomwe.

Graphics ya integrated, monga Intel UHD kapena Iris Xe, imakhala mkati mwa purosesa momwemo ndipo ilibe memory yakeyake. Ya dedicated, monga NVIDIA GeForce RTX 3050, 4050 kapena 4060, ndi chipu china chapadera chokhala ndi memory yakeyake yothamanga kwambiri. GTA V, imene inatuluka pa kompyuta mu 2015, imayenda pa Iris Xe mukatsitsa makonzedwe a zithunzi. FC 24 ndiye nkhani ina, pakuti EA, kampani yopanga gemuyi, inanena kuti pamafunika khadi la GTX 1050 Ti kapena loposa pamenepo, ndipo Iris Xe siifika. Pa za integrated, imene ndingaikhulupirire ndi Radeon 780M ya mu Ryzen 7 7840HS, koma nayonso imafuna RAM ya timitengo tiwiri, ndiko kuti tizidutswa tiwiri ta RAM tolowetsa mu laputopu. Mukaipatsa kamtengo kamodzi, liwiro lake limatsika moonekeratu.

Ineyo, poona zimene mukufuna, ndikuti gulani ya dedicated, koma dzina la khadi lokha lisakukopeni. RTX 4050 kapena 4060 ya mu laputopu imatha kupatsidwa mphamvu yoyambira pa 35W mpaka 115W malinga ndi mmene kampani yapangira makinawo, choncho malaputopu awiri a khadi lofanana dzina amatha kusiyana kutali pa masewera. Yopyapyala yokongola ija nthawi zambiri ndiyo yopatsidwa mphamvu yochepa. Onaninso kuchuluka kwa memory: RTX 3050 ilipo ya 4GB ndi ya 6GB, 4050 ndi ya 6GB, 4060 ndi ya 8GB. Makadi a MX, monga MX450, ndi a dedicated ndithu, koma ndi ofooka moti sindiona chifukwa chowalipirira mtengo wa laputopu ya magemu. Kumbukirani kuti chipu cha graphics chimawotcheredwa pa bolodi. RAM ndi SSD mukhoza kuwonjezera m'tsogolo pa makina ambiri, koma graphics mudzakhala nayo yomweyo mpaka laputopuyo idzatha.

Nkhani ya magetsi ndiyo anthu amaiiwala. Laputopu ya magemu imabwera ndi chaja chachikulu, nthawi zambiri cha 150W kufika 230W, ndipo mukachotsa chajacho makinawo amachepetsa okha mphamvu ya khadi, masewera n'kuyamba kudukiza. Magetsi akazima ku Chitawira kapena ku Ndirande, batire silidzapirira nthawi yaitali mukamasewera, ndipo kainiveta kakang'ono ka sola ya kunyumba kakhoza kulephera kunyamula chajacho. Ngati chachikulu kwa inu chikanakhala kulemba ntchito za kusukulu magetsi atazima, ndikanakuuzani kuti mutenge ya Ryzen ya 780M. AutoCAD ya zojambula za 2D imayenda pa integrated popanda vuto. Ndi pa Revit, pulogalamu yojambulira nyumba, ndi zojambula za 3D pamene khadi lapadera limayamba kuthandiza.

Popeza ambiri mwa malaputopu amenewa amabwera atagwirapo kale ntchito kunja, musakhutire ndi kungoiona ikuyaka. Pemphani kuti musewerepo gemu kwa mphindi makumi awiri chaja chili cholumikiza, muike dzanja pamene pamatulukira mpweya, ndipo muyang'ane kutentha kwa GPU mu Task Manager momwemo. Ikamayamba bwino kenako n'kumadukiza, kawirikawiri mafani adzaza fumbi kapena phala lochotsa kutentha lauma, ndipo kutentha kwa mu Okutobala kuno ku Blantyre kudzangowonjezera vutolo. Wogulitsa akakana kuti muiyese choncho, kayang'aneni kwina.