Bwanji nzeru zatsopano za makampani akunja zimathera kulikulu?

Ndalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena aku Chilomoni, injiniya, anaphunzira pa Poly pomwe pano masiku ano tikuti MUBAS. Amagwira ntchito pa fakitale ina ku Makata, nthambi ya kampani yakunja, dzina sinditchula. Akuti anapeza njira yoti makina opakira katundu azidya magetsi ochepa, mabwana anayamikira ndithu koma anawauza kuti zosintha makina zimachokera kulikulu kunja, kuno ntchito ndi kupanga ndi kugulitsa basi. Ndiye funso lawo ndi loti kodi zimenezi ndi chifukwa choti malamulo athu oteteza nzeru za anthu ndi ofooka?

Achimwene, mbali ina mukunena zoona koma si nkhani yonse.

Tiyambe ndi patent. Ichi ndi chikalata choti chinthu chatsopanochi mwini wake ndi uje, wina asapange kapena kugulitsa popanda chilolezo, ndipo pangano la TRIPS la bungwe la zamalonda padziko lonse la WTO lomwe linayamba mu 1995 limati chitetezochi chikhale zaka 20. Koma chomwe ambiri sadziwa ndi choti patent siwoloka malire. Yolembetsa ku America imathera ku America komweko. Ukafuna kuti igwire ntchito kuno uyenera kulembetsa kuno, kapena kudzera ku ARIPO, bungwe lolembetsa ma patent lomwe lili ku Harare, komwe pempho limodzi limatha kufikira maiko angapo a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Ndiye bwana ali ku London kapena Johannesburg asanatumize chinsinsi cha kampani kunthambi amayamba wadzifunsa kuti wantchito akachoka nacho n'kukatsegula yake, khoti la kumeneko lindithandiza? Ndipo mlandu wake utenga zaka zingati?

Akatswiri a zachuma ku America anafufuzapo zimenezi, anayang'ana maiko 16 omwe anakhwimitsa malamulo a patent pakati pa 1982 ndi 1999, ndipo anapeza kuti malamulo atasintha makampani aku America anayamba kutumiza luso lambiri kunthambi zawo m'maikomo, nthambizo n'kuyambanso kuika ndalama zambiri pa kafukufuku. Apa ndiye mwalasa.

Koma taonani izi. Microsoft inatsegula malo a kafukufuku ku Beijing mu 1998, China isanalowe n'komwe mu WTO, inalowa mu 2001, nthawi imene ma CD okopera ankagulitsidwa poyerayera. General Electric inatsegula malo ake aakulu a kafukufuku ku Bangalore mu 2000, ndipo kamakina kawo koyezera mtima konyamula m'manja, MAC 400, kanapangidwa ndi mainjiniya aku India. Anapitiranji kumeneko ngati amaopa kuberedwa? Anapita chifukwa kunali mainjiniya ambirimbiri, odziwa ntchito, otsika mtengo, komanso msika wa anthu oposa biliyoni. Kuopa analipo nako koma anapeza njira, amaidula ntchitoyo m'zidutswa. Zili ngati telala wa mu msika wa Limbe amene mnyamata wake amampatsa zosoka makolala ndi mabatani koma kudula nsalu amadula yekha, mnyamatayo olo athawe mawa sangasoke suti. Nthambi imapatsidwa kachidutswa koti pakokha n'kopanda ntchito mpaka katalumikizidwa ndi zina zomwe zili kulikulu. Ndiye malamulo akakhala ofooka kafukufuku amatha kubwera ndithu, chomwe chimasintha ndi mtundu wa ntchito yomwe akupatseni komanso kuti akuonetsani mpaka pati.

Makampani ena safuna n'komwe patent, chifukwa ukalembetsa umaulula zonse ndipo zaka zikatha aliyense atha kupanga. Coca-Cola ndi chitsanzo, kaphikidwe kake amangokabisa, mafakitale othira m'mabotolo amalandira zosakaniza kale n'kuthirako madzi, shuga ndi mpweya.

Tsopano kwathu kuno. Lamulo la patent lomwe takhala nalo kwa zaka zambirimbiri ndi la 1957, nthawi ya chitaganya, inde lakalamba. La zizindikiro za malonda tinalikonza mu 2018, la oimba ndi olemba lomwe COSOMA imayendetsa mu 2016. Koma ine sindikhulupirira kuti titalemba lamulo lokhwima ngati la Germany mawa m'mawa ma labu angayambe kumera ku Chirimba. IBM itafuna malo a kafukufuku mu Africa inatsegula ku Nairobi mu 2013, Google inatsegula ku Accra mu 2019, ndipo chomwe anatsata kwambiri ndi anthu ophunzira, intaneti ndi msika. Ife msika ndi wochepa, magetsi ndi omwe mukuwadziwawa, forex yogulira sipeya kudikira miyezi. Carlsberg inamanga fakitale yake yoyamba kunja kwa Denmark muno mu Blantyre mu 1968, koma inabwera kudzafulula mowa, labu yawo yotchuka ili ku Copenhagen mpaka lero.

Komanso tisathamangire kukhwimitsa chilichonse, pali pena pomwe kufewa kwa malamulo kunatipulumutsa. India kuyambira 1972 mpaka 2005 sinkapereka patent pa mankhwala enieniwo koma pa kapangidwe kake kokha, n'chifukwa chake mu 2001 Cipla inatha kupereka ma ARV pa mtengo wosakwana dola imodzi patsiku pamene a makampani aakulu ankadula madola masauzande pachaka. Aliyense amene anali ndi m'bale pa Queens zaka zimenezo akudziwa tanthauzo lake. Maiko osauka ngati lathu WTO inatilola kusateteza ma patent a mankhwala mpaka 2033, ndipo mwayi umenewu ine sindingausinthanitse ndi lonjezo la labu.

Pa nkhani yanu yeniyeniyo, yambani mwawerenga kontrakiti yanu, makampani ambiri amalembamo kuti chilichonse chomwe mwatulukira pa ntchito ndi chawo. Ngati zili choncho lembani ganizo lanulo bwinobwino, muikepo deti, dzina lanu ndi mayunitsi a magetsi omwe apulumuke pamwezi, mupemphe kuti lipite kulikulu m'dzina lanu, kumeneko manambala amawamva msanga kuposa mawu. Koma ngati muli ndi china chomwe mwapanga panokha kunyumba ndi zipangizo zanu, musachiike pa Facebook kapena kukaonetsa ku Trade Fair musanaonane ndi loya wodziwa za patent, chifukwa chinthu chikaonekera kugulu sichitengedwanso ngati chatsopano ndipo pempho lanu atha kulikana.