Mayi, musathamangire kwa abusa ndi nkhani ya mwanayo

Mayi amene mwalemba mobisa dzina pagulu pano za mameseji omwe mwapeza mufoni ya mnyamata wanu aja, osonyeza kuti ali pachibwenzi ndi mnyamata mnzake, ndawerenga makomenti onse mpaka mutu kuwawa. Ambiri akukuuzani kuti mawa lomwe mulawirire kwa abusa. Chonde imani kaye. Ine ndine Mkhristu, ndinabatizidwa, ndinamanga ukwati woyera, ndipo ndimakhulupirira zomwe zili pa Genesis 2:24 kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Palibe bungwe landituma, ntchito yanga ndi ya kaunjika basi. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa pagulu pano munthu ukangoti amenewanso ndi anthu, ena amayamba kufunsa kuti azungu akupatsa zingati.

Ife zinatigwera kudzera mwa mlongo wanga, mzime wathu. Mwana wofatsa, wosamwa, wosasuta, amene ankaimba kiyibodi mu mpingo wathu kuyambira ali ku sekondale osalandira ngakhale ya sopo. Amayi anamumva usiku wina akulankhula pafoni ndi mnyamata mnzake mawu amene sakanawamasulira mwina. Sanagone. Kutacha anamanga chitenje ulendo kwa amayi busa kukalira, ndipo anawapempha mogwira mwendo kuti zikhale za awiri. Lachinayi ku msonkhano wa amayi nkhani inatuluka itavala malaya a pemphero: tiyeni tipempherere mnzathu wina wamasiye amene mwana wake woimba kiyibodi wagwidwa ndi mzimu wa Sodomu. Tandiuzani, amasiye okhala ndi mwana woimba kiyibodi mu mpingomo analipo angati?

Tsoka lake inali nthawi yomwe ija ya mu Julaye 2023, mipingo itangoguba kumene m'mizinda pa 13 kukana maukwati a amuna kapena akazi okhaokha, kuno ku Blantyre Akhristu ndi Asilamu atadzaza msewu. Magazi a anthu anali akuwirabe. Aliyense ankafuna kuonetsa kuti iye ndiye wodana nazo kwambiri, ndiye apa anapeza pothera.

Lamulungu lake sindidzaiwala. Palibe anatiitana ku bwalo la mpingo, palibe anamufunsa mwanayo ngakhale funso limodzi. Titatha chopereka mkulu wa mpingo anaima ndi kabuku kake ka zolengeza. Anawerenga za maliro, za ndalama za chitukuko, za chinkhoswe cha mwana wa auje, kenako anatsokomola n'kutchula dzina la mlongo wanga lonse lathunthu, mpaka la bambo athu amene ali kumanda. Akuti wadulidwa chifukwa cha mchitidwe wa mathanyula, ndipo achinyamata onse asayandikane naye. Mwanayo anali atakhala pa kiyibodi pomwepo, kutsogolo, zala zili pa makiyi kudikira nyimbo yotsatira. Mnyamata wa zokuzira mawu anapita n'kuzula chingwe, sipika n'kulira kuti phuu. Kumabenchi a kumbuyo kunamveka kuseka, ndipo ndinaona ndi maso angawa mafoni atakwezedwa m'mwamba akujambula. Khomo lam'mbali linali lokiya, ndiye anayenera kuyenda tchalitchi chonse kuchokera kuguwa mpaka khomo lalikulu, pakati pa anthu amene anamuona akukwawa, amene anadya mpunga pa ubatizo wake. Nsapato zake zokha ndi zimene zinkamveka. Amayi anali atavala yunifolomu yawo yoyera, yosita bwino. Azimayi amene anakhala nawo benchi imodzi anayamba kusendera mmodzimmodzi mpaka anatsala okha, atagwira buku la nyimbo chozondotsa, milomo ikunjenjemera. Ine miyendo inafa, ndinangomva mwana wanga wamng'ono akundikoka chitenje kufunsa kuti amalume alakwa chiyani. Kenako abusa anakwera pa gome n'kutsegula Genesis 19 ngati palibe chachitika.

Pofika madzulo kanema uja anali m'magulu onse a WhatsApp a m'dera lathu. Usiku miyala padenga. Eni nyumba anabwera ndi nkhope yachisoni kunena kuti iwo alibe vuto koma akuopa kuti anthu awotcha nyumba yawo, ndiye tipeze kwina mwezi usanathe. Komwe ankagwira ganyu yophunzitsa ana nyimbo anangomutumizira meseji kuti asabwerenso. Mkulu wa mpingo uja anafika mpaka pouza amayi kuti athokoze Mulungu kuti mpingo sunapite kupolisi, poti lamulo likuti zaka 14.

Ndiye kunabwera amalume, eni mbumba, ndi nzeru zawo. Anamutenga kupita naye kwa mneneri wina wa kuphiri. Kusala kudya, kumukuwira m'khutu kuti tuluka, kumuwaza makofi akuti akumenya chiwanda, madzi odzozedwa a m'kabotolo ogula ndi ndalama ya mpamba wanga. Anabwerako atawonda, mlomo wotupa, osalankhula ndi munthu. Amalume akuti chatsala n'kumupezera mkazi kumudzi, akangolawa banja zonsezi zitha. Mwana wa eni ake ameneyo analakwa chiyani kuti akhale mankhwala?

Usiku wina anayesa kudzichotsera moyo. Sindilemba zambiri apa, manja akunjenjemera. Tinathamanga naye kuchipatala pa galimoto ya neba, amayi ali chimapazi. Anapulumuka. Masiku onse amene tinakhala m'chipatala muja, mwa anthu onse amene amaimba kuti ndife banja limodzi mwa Yesu, anabwera ndi agogo amodzi okha amene amasesa m'tchalitchi, atanyamula phala m'fulasiki. Sanalalikire. Anamugwira dzanja n'kumuuza kuti mdzukulu wanga, imwa phala. Amayi busa amene anayatsa motowo sanaimbe ngakhale foni. Lero mlongo wanga ali ku Johannesburg, amatumiza ya mankhwala a BP a amayi mwezi ndi mwezi, koma pakhomo la tchalitchi chilichonse sapondapo.

Chimene chimandiwawa mpaka lero ndi mkulu wa mpingo uja. Dera lonse likudziwa kuti ali ndi mwana kwa mtsikana amene anali wa kwaya, ndipo nkhani yake inakambidwa m'chipinda, zitseko zotseka, mwaulemu, chifukwa ndi amene anagula malata a tchalitchi. Iyeyo ndiye anaima kuwerenga dzina la mwana wamasiye. Anthu inu amene mwadzaza makomenti ndi 1 Akorinto 6:9, pitirizani mpaka vesi 10. M'ndandanda womwewo muli achigololo, akuba, osirira, oledzera, olalatira anzawo ndi olanda. Mukanati muziwerenga mayina a onsewa pa zolengeza, bwenzi mapemphero akutha dzuwa litalowa ndipo wotsala woti atseke ndi pemphero bwenzi palibe. Mumakonda Aroma 1:26 ndi 27, koma mukangotembenuza tsamba chaputala 2 chikuyamba ndi kudzudzula iwe amene uweruza mnzako pamene uchita zako. Za Sodomu nazo, Ezekieli 16:49 akutchula kudzikuza, kukhuta ndi kusathandiza osauka. Sindikuti mavesi enawo afufutike, alipo ndipo ine sindiwathawa. Ndikuti amene anatichita chipongwe aja anasankha tchimo limene iwo silikuwayesa n'kulisandutsa ng'oma yovinira.

Ndipo Yesu mwini anaika ndondomeko pa Mateyu 18:15. Mbale wako akachimwa, pita ukamuuze muli awiri. Akakana, tenga wina mmodzi kapena awiri. Mpingo umabwera kumapeto. Kwathu anayambira kumapetoko, ndi kamera pamwamba. Agalatiya 6:1 akuti wogwa mumubweze ndi mzimu wofatsa. Kufatsa kwake kunali kuzula chingwe cha kiyibodi?

Za ukwati zomwe ena mukukuwa nazo apa, ngati kuti mawa abusa akakamizidwa kudalitsa amuna awiri, tiyeni tinene zoona. M'Malawi muno lamulo la maukwati la 2015 limanena kuti ukwati ndi wa mwamuna ndi mkazi. Gawo 153 la malamulo a milandu likadalipo ndi zaka zake 14, ndipo akazi okhaokha nawo anawaikira lawo nthawi ya Bingu. Mu Juni 2024 oweruza atatu a khoti loona za malamulo aakulu a dziko anakana kuchotsa malamulo amenewa. Maepiskopi a Katolika kuno anakana mu Disembala 2023 kudalitsa maubwenzi otere ngakhale chikalata chololeza kudalitsa anthu otere chinachokera ku Vatican. Ndiye mpanda ulipo, wautali. Mnyamata wa Fomu 4 amene akulira yekha kuchipinda sakugwetsa mpanda umenewo. Ine ndikukumbuka za Steven Monjeza ndi Tiwonge Chimbalanga, chinkhoswe chawo cha mu Disembala 2009 chimene chinawamangitsa pa mlandu wa mathanyula, mmene anthu ankakhamukira kukhoti ku Blantyre kukawaseka ngati kwabwera zisudzo. Anawagamula zaka 14 mu Meyi 2010, Bingu n'kuwakhululukira atabwera Ban Ki-moon, amene panthawiyo anali mlembi wamkulu wa United Nations. Nthawi imeneyo tonse tinkaona ngati ndi nkhani ya anthu akutali, opanda amayi awo. Neba wanga amene anatinyamula usiku uja ndi Mkatolika wa ku mphakati, ndipo ndi amene anandiuza kuti katekisimu wawo, yemweyo amene amakana mchitidwewu, amalamulanso kuti anthu otere alandiridwe mwaulemu ndi mwachifundo, osawasala. Zinthu ziwirizi zimatheka kukhala m'mutu umodzi. Ineyo ndi mmene ndikukhalira.

Mlongo wanga akudziwa pomwe ndaima. Ku South Africa lamulo linalola maukwati amenewa mu 2006, ndipo ndinamuuza maso ndi maso kuti tsiku limene adzaganize zimenezo ine sindidzavala chitenje cha ukwati, sindidzavina, sindidzafupa. Analira, inenso ndinalira. Koma ndinamuuzanso kuti akadzadwala ndidzakwera basi, akadzabwera kumudzi adzagona m'nyumba mwanga ndi kudya m'mbale zanga, ndipo wofuna kumugenda adzayambe wagenda ine. Akuluakulu anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Amene akukuuzani kuti mumuthamangitse mwana wanu, mkhatewo si wawo, akaswa apita kwawo kukagona.

Ndiye mayi, nazi zanga. Musauze munthu. Osati amayi busa, osati gulu la mapemphero, osati mchemwali wanu amene mumamukhulupirira, chifukwa aliyense ali ndi wake amene amamukhulupirira. Bambo ake ngati ali aukali, dikirani kaye mudziwe poyambira. Zithunzi za mameseji zimene mwajambulazo fufutani lero, ana amaseweretsa mafoni ndipo akuba saba foni yokha, pali ena amene amaopseza anthu otere kuti awapatse ndalama apo ayi akawaneneza. Mwanayo musamudzidzimutse, mupatseni nthawi. Komabe musagone masiku ambiri, mukhale naye pansi sabata ino muli awiri, chitseko chotseka, mumufunse. Mawu oyamba kutuluka pakamwa panu akhale oti ndiwe mwana wanga ndipo pano ndi pakwanu. Za Baibulo mudzanena, ndipo muzinene osabisa, koma dziwani kuti mwana wokulira m'tchalitchi mavesi amenewo anawaloweza kale, mwina wakhala akusala kudya payekha kupempha Mulungu kuti amuchotsere zimenezi inu musakudziwa. Wathu anadzatiuza kuti anayamba kupempherera zimenezi ali Sitandade 8.

Muzimuyang'anitsitsa. Akayamba kudzitsekera, kusiya kudya, kugawa zinthu zake, kulankhula zotsanzika, musati ndi matama. Musamusiye yekha, pitani naye kuchipatala mukapemphe aphungu a za maganizo. Kuphiri kwa aneneri ogulitsa madzi ayi. Kumukwatitsa mokakamiza ayi, mudzalira anthu awiri m'malo mwa mmodzi, kuphatikizapo ana.

Ndanena kuti musauze munthu, komanso nokha simungathe, mudzadwala BP ngati amayi anga. Abusa okhwima alipo, sindinganame. Amene akutiweta panopa anakhala ndi amayi maola ambiri osatulutsa mawu panja, ndipo amamuimbira foni mlongo wanga kungomufunsa za moyo, ngakhale pa gome amalalikira zomwezo za mwamuna ndi mkazi. Ngati mungapeze wotere, makamaka wa mpingo wina kutali ndi dera lanu, amene sadziwa anansi anu, pitani. Muyambe mwamuyesa ndi kankhani kakang'ono muone ngati sikamveka kumsika. Ndipo pempherani, mwina Mulungu achita zimene ife sitinazione, ine ndimapempherabe mpaka lero kuti mlongo wanga asinthe, ngakhale iye amati ndisiye.

Tchalitchi musasiye chifukwa cha zimenezi, mwanayo asadzaone ngati wakuchotsani kwa Mulungu. Ife tinachoka, inde, koma nanga tikanakhala bwanji benchi imodzi ndi anthu aja? Kalata yosamukira tinapempha chaka chomwecho, mpaka lero akuti mlembi sanasaine, ndipo mlembi wake ndi mkulu yemwe uja wa malata.